Zolemba za ntchito: kachipangizo kathu ka m'firiji ya mankhwala pa mayeso a EMC ndi a wailesi

Sabata 1

Kachipangizo kathu kakugwira ntchito bwinobwino patebulo. Kamayeza kuzizira kwa m'firiji yosungiramo mankhwala, kamasunga manambalawo, n'kuwatumiza ku foni kudzera pa Bluetooth Low Energy. Kali ndi batire ya lithium yotchajira pa USB-C. Katemera wambiri amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, choncho ntchito yake ndi kuchenjeza wosunga mankhwala msanga firiji ikangotuluka m'malire amenewa. Zonsezi zatheka. Chatsala ndi kusonyeza kuti sikasokoneza mawailesi a anthu ena, sikasokonezeka ndi mawailesi awo, ndiponso sikavulaza munthu. Ndizilemba pano momwe gawo limeneli likuyendera, zabwino ndi zoipa zomwe.

Misika imene tikufuna kuyambira ndi iwiri, United States ndi mayiko a European Union, ndipo kayendetsedwe kake n'kosiyana. Ku United States bungwe la boma loyang'anira mafunde a wailesi, la FCC, lili ndi malamulo otchedwa Part 15. Gawo la Subpart B limayang'ana phokoso limene chipangizo cha digito chimatulutsa mosafuna, pamene Subpart C limayang'ana wailesi imene yaikidwamo dala. Ku Ulaya lamulo lake ndi Radio Equipment Directive, 2014/53/EU, limene onse amangoti RED. Ndime 3.1(a) ikunena za chitetezo ndi thanzi la munthu, 3.1(b) za EMC, kutanthauza kukhalirana bwino ndi zipangizo zina, ndipo 3.2 za kagwiritsidwe ntchito ka mafunde a wailesi.

Pamsonkhano wa lero panatuluka funso limene ndinkaliyembekezera. Mnzathu woyang'anira zogula anati, "Kodi paja module ya Bluetooth tinagula yokhala kale ndi satifiketi? Nanga ku labu tikukatani?" Funsoli n'lomveka, chifukwa module, kabolodi ka wailesi kogula kopangidwa kale, tinaisankhiradi zimenezo. Ili ndi FCC ID yake, ndipo ife tingolemba pa kabokosi mawu oti "Contains FCC ID" ndi nambalayo. Koma satifiketiyo ndi ya module ili yokha, pa bolodi ya mwini wake, ndi eriyo imene anaiyeza nayo. Purosesa yathu, gawo lotchajira batire, mawaya athu, palibe anaziyezapo. Ku Ulaya nkhani ndi yolimba kuposa pamenepo: amene wamanga chipangizo chomaliza ndiye amasayina Declaration of Conformity, pepala lonena kuti chipangizo chikutsata malamulo, ndipo akasayina wasenza zonse, module yomwe. Dzina limene likakhale pa pepala limenelo ndi lathu.

Tagwirizananso kuti tiyezetse pa malire a Class B, ya zipangizo za m'nyumba. Class A, ya zipangizo za m'mafakitale ndi m'maofesi, imalekerera phokoso lokulirapo ndi ma dB pafupifupi 10 (dB ndi muyezo woyerekezera kukula kwa mafunde), ndipo ikanatipeputsira ntchito. Koma kachipangizoka kakalowa m'timazipatala ting'onoting'ono, m'mashopu a mankhwala, mwinanso m'nyumba za anthu osunga insulin, pafupi ndi wailesi ndi TV zawo. Class A sikanakhala yoona.

Sabata 2

Sabata yonse yathera pa eriyo. Firiji ndi bokosi lachitsulo, ndipo chitseko chikatsekedwa mafunde a 2.4 GHz amatuluka movutikira kwambiri. Titaika kachipangizo m'kati, foni inkakaona munthu ataima pafupi penipeni basi.

Maganizo oyamba anali oti tiike eriyo yakunja, yamphamvu, pa waya. Nditawerenga pepala la chilolezo cha module ndinaona kuti njira imeneyo ndi yaitali. Chilolezocho chimalola eriyo ya mtundu umene unayezedwa, ya gain (mphamvu yake yolozera mafunde) yofanana kapena yocheperapo. Ukaika ya mtundu wina, kapena ya gain yokulirapo, pafunika pempho losintha chilolezo, Class II permissive change, yomwe amapempha ndi mwini chilolezo, apo ayi utenge FCC ID yakoyako. Palinso ndime 15.203, imene imakaniza kuti wogula azitha kungochotsa eriyo n'kuikapo ina iliyonse pa cholumikizira wamba. Ndimeyi ndimaimvetsa: mphamvu imene inayezedwa ku labu ikhoza kuchulukitsidwa kangapo ndi eriyo imene munthu wagula payekha.

Ndiye tatembenuza nkhani. Kabokosi kazikhala kunja, kumatidwa pakhoma la firiji, eriyo ya pa module osaikhudza. M'kati muzilowa sensa yokha, pa waya wopyapyala wa mita 1.5 wodutsa pa labala wa chitseko. Batire nayo ipindula, poti lithium safuna kutchajidwa pamalo ozizira pansi pa madigiri 0. Onse anasangalala. Ine ndinasangalala nawo, komabe ndalemba m'kope langa kuti walira mvula walira matope: waya wa mita 1.5 wotuluka m'bolodi ndi eriyo, kaya tikufuna kaya sitikufuna.

Sabata 4

Tayeza tokha tisanapite ku labu. Tili ndi spectrum analyser yakalekale, chida choonetsa mafunde pa sikirini, ndi timalupu timene ndinapinda kuchokera ku waya wa coax, tonunkhizira phokoso pafupi ndi bolodi. Zida zoterezi sizingakuuze ngati wakhoza kapena walephera. Zimangokulozera pamene phokoso likuchokera.

Nditayendetsa kalupu pamwamba pa bolodi, pa sikirini panaima mizere ngati mano a chipeso: 96, 144, 192, 240 MHz. Mpata wake ndi 48 paliponse, ndipo wotchi ya purosesa yathu imayenda pa 48 MHz. Siginolo ya digito imakwera ndi kutsika mwadzidzidzi, ndiye pamwamba pa frequency yake imabala ina yochulukitsa kawiri, katatu, kanayi, mpaka kutali. Amenewa ndiwo ma harmonic. Paokha sanandiopse, bolodi iliyonse ili nawo. Chimene chinandikhumudwitsa n'choti nditamanga clamp yoyezera current pa waya wa sensa, mizere yomweyo inaonekanso. Pa 192 MHz funde limodzi ndi lotalika pafupifupi mita 1.56, pafupifupi ndendende ndi waya wathu. Ndipo pa waya wotero, ma microampere ochepa chabe oyenda mbali imodzi pa mawaya onse ndi okwanira kukulepheretsa Class B.

Ndinapempha kuti tichedwetse ulendo wa ku labu, tikonze kaye. Enawo anati tsiku talipirira kale ndipo manambala enieni atithandiza kuposa kulota. Ndavomera. Pali nzeru m'mawu awo.

Sabata 5

Tsiku lathu loyamba m'chemba, chipinda choyezera cha ku labu. Labu imeneyi ndi yovomerezeka pa muyezo wa ISO/IEC 17025, ndipo tinafufuza kaye kuti mayeso amene tikufuna ali pamndandanda wa zimene inavomerezedwa kuchita, chifukwa satifiketi ya pakhoma siikutanthauza kuti labu imayeza chilichonse.

Amene sanalowemo m'chipinda chotere, ndi chonchi. Makoma ndi achitsulo, chitseko n'cholemera, chotseka ndi chogwirira chachikulu. M'kati makoma ndi denga zakutidwa ndi matailosi a ferrite, chinthu chakuda chofooketsa mafunde, ndi zosongoka zathovu zomeza mafunde. Pansi ndi chitsulo chosalala. Chitseko chikatsekedwa foni imataya netiweki nthawi yomweyo, ndipo mawu ako omwe amamveka ngati aphimbidwa ndi bulangete. Kachipangizo kathu anakaika pa tebulo losakhala lachitsulo, lotalika masentimita 80, lili pa mbale yozungulira. Mamita 3 kuchoka apo pali eriyo yaikulu pa mlongoti, imene imakwera ndi kutsika pakati pa mita 1 ndi mamita 4, ndipo imatembenuzidwa chogona ndi choimirira. Tebulo limazungulira madigiri 360. Cholinga cha zonsezi ndi kusaka mbali imene chipangizo chikusokosera kwambiri, n'kulemba nambala yoipitsitsayo.

Mayi amene amayendetsa chipindacho anatenga waya wathu wa sensa, amene ine ndinali nditaukulunga bwino, n'kuufunyulula, kuugoneka m'mphepete mwa tebulo, gawo lina likulendewera. Analowetsanso chingwe cha USB-C ndi chaja. Ndinawafunsa ngati zinali zofunika kuti chaja ikhalepo.

"Kodi wogula angathe kutchaja chikugwira ntchito?" anandifunsa.

Ndinati inde.

"Ndiye tiyeza chikutchaja. Ndikayeza momwe mwakulungiramu ndikupatsani pepala lokongola, koma la chipangizo chimene kulibe."

Mawu amenewa ndawalemba pachikuto cha kope langa.

Tinatuluka, tinakhala pa kompyuta, tinayang'ana mzere ukujambulika kuyambira 30 MHz kupita ku 1 GHz. Pa sikirini pali mzere wofiira wa malire. Wa ku Ulaya, wochokera mu EN 55032, pa mamita 3 ndi 40 dBµV/m (muyezo wa kukula kwa funde) kuyambira 30 mpaka 230 MHz, kenako 47 mpaka 1 GHz. Wa FCC uli ndi masitepe ambiri: 40 mpaka 88 MHz, 43.5 mpaka 216, 46 mpaka 960, ndi 54 kupitirira apo. Mano athu a chipeso anatulukira onse. La 144 linatsala pang'ono kukhudza mzere. La 240 linali pansi bwino, poti apo malire akwera kale. La 192 linaboola. Mayiwo anabwerera pa frequency imeneyo, anazunguza tebulo pang'onopang'ono, anakweza eriyo mpaka anapeza nsonga yake, n'kuyeza monga muyezo umanenera. Inatuluka pafupifupi 42. Kwa FCC takhoza ndi kampata kochepa, ku Ulaya talephera ndi ma dB 2.

Kenaka anachita chimene amisiri onse a EMC amachita. Analowa, anazula waya wa sensa, anayezanso. Dzino la 192 linagwa mpaka linatsala pang'ono kuzimirira. Anaubwezera, linadzuka. Anapana ferrite pa waya pafupi ndi kabokosi, linatsika pansi pa mzere. M'mphindi khumi nkhani yonse inali poyera.

Mayeso a phokoso lobwerera ku magetsi a pakhoma, kuyambira 150 kHz mpaka 30 MHz kudzera pa LISN, kabokosi koyezera koikidwa pakati pa chaja ndi magetsiwo, tinakhoza popanda vuto.

Sabata 6

Panali mkangano, ndipo ndiulemba momwe unalili chifukwa ndi umene wandidetsa nkhawa kwambiri pa ntchito yonseyi.

Wina anati popeza ferrite yathetsa vuto, tibwerere nayo ku labu, titenge lipoti, zokonza bolodi tidzaone m'tsogolo. Ndinafunsa ngati ferrite imeneyo izikhala pa waya uliwonse wotuluka m'fakitale. Yankho linali lozungulira. Apa ndinakana, ndipo ndinakana mwamphamvu. Malamulo a FCC, pa ndime 15.27, amanena poyera kuti ngati chipangizo chikufunika chida chapadera kuti chikhale m'malire, chidacho chiziperekedwa limodzi ndi chipangizo. Koma ngakhale ndimeyo pakanapanda, tiganize zimene zili pafupi ndi 192 MHz. Kuyambira 174 mpaka 230 MHz ndi kumene mayiko ambiri a ku Ulaya amaulutsira wailesi ya digito ya DAB. Dzino lathu la 144 lili pamalo a amateur radio, ndipo chapansi pake, 118 mpaka 137 MHz, ndi pamene oyendetsa ndege amalankhulirana ndi nsanja. Kachipangizo kamodzi sikangagwetse ndege, zimenezo n'zoona. Koma mafunde amenewa ndi a tonse, ndipo amakhala aukhondo kokha chifukwa opanga zipangizo zikwizikwi, amene sadzaonana, aliyense amasunga gawo lake. Munthu amene wailesi yake yayamba kulira phokoso sadzadziwa n'komwe kuti vuto ndi kabokosi koyera kali pa firiji ya chipinda choyandikana. Sangadandaule kwa ife. Ndi chifukwa chake ife tiyenera kumuganizira.

Kuika ferrite yomatiratu pa waya uliwonse n'kololedwa, ndipo zipangizo zambiri zimatero, n'chifukwa chake zingwe zina zili ndi chotupa chakumapeto. Koma ndinafuna tidziwe kaye chimene chikukankhira phokoso pa wayawo. Ndinatsegula mapulani a bolodi, ndipo sizinatenge nthawi. Bolodi yathu ndi ya magawo awiri, pansi pake ndi ground, mkuwa umene magetsi amabwererapo. Pofuna kudutsitsa njira ya magetsi a batire, tinadula ground imeneyo ndi kampata kataliko. Njira ya wotchi yopita ku flash, kachipu kosungira manambala, imadumpha kampatako. Current iliyonse yopita iyenera kubwerera, ndipo pa ma frequency okwera imabwerera pansi penipeni pa njira imene inadzera. Ikapeza mpata imazungulira, ndipo kuzungulirako kumasiyanitsa voteji pakati pa mbali ziwiri za ground. Mbali imodzi kuli cholumikizira cha USB, mbali inayo kuli cha sensa. Tinamanga tokha eriyo ya mikono iwiri, n'kuika gwero la phokoso pakati pake.

Njira imeneyo ndinaijambula ndine. Ndinkafuna kupewa mtengo wa bolodi ya magawo anayi.

Zimene tasintha: bolodi ya magawo anayi, ground yathunthu yosadulidwa, resistor ya ma ohm 33 pa njira ya wotchi kuti siginolo isamakwere mwankhanza, zolumikizira zonse ziwiri mbali imodzi, fyuluta yaing'ono pamene waya wa sensa ukulowera. Tasiyanso malo opanda kanthu a common-mode choke, kakoyilo kotsekereza phokoso pa waya, ngati ingadzafunike.

Sabata 8

Mabolodi atsopano afika. Pa clamp, mzere wa 192 watsika kwambiri popanda ferrite. Sindikondwera kufikira chemba itanena. Mnzanga wa firmware, pulogalamu ya m'kati mwa kachipangizo, wamaliza pulogalamu yoyezera wailesi, yokhoza kuimika module pa tchanelo chimodzi n'kumatumiza mosalekeza, poti ku labu sangayeze bwino wailesi imene ikudumphadumpha.

Sabata 9

Masiku atatu ku labu. Phokoso lotuluka takhoza, dzino loipitsitsa lili pansi pa mzere wa ku Ulaya ndi ma dB opitirira 6, chaja ndi waya zili pomwepo. Mpata umenewu ndi wofunika. Ma dB 6 ndi theka la voteji ya funde, ndipo chemba ina ikhoza kuwerenga mosiyana ndi ma dB angapo, mabolodi nawonso satuluka ofanana ndendende.

Tsiku lachiwiri zinthu zinatembenuka: tsopano labu ndiyo ikuwombera mafunde pa ife. Mayeso a IEC 61000-4-3, monga EN 301 489-1 ndi EN 301 489-17 zimafunira, ndi ma volt 3 pa mita, kuyambira 80 MHz mpaka 6 GHz, funde likugwedezedwa pa 1 kHz. M'malo mwa sensa yeniyeni tinaika resistor yokhazikika kumapeto kwa waya, yoimira madigiri 5, kuti nambala ikasuntha tidziwe kuti si kutentha kwa m'chipinda. Ine ndinakhala panja ndi laputopu, maso pa nambala. 5.0, 5.0, 5.0. Jenereta itafika chakumapeto kwa ma 90 MHz nambala inayamba kutsetsereka: 4.8, 4.3, 3.6. Itadutsa dera limenelo inabwerera pa 5.0 ngati palibe chachitika.

Thupi linandizizira. Kachipangizo sikanazime, sikanalire, Bluetooth sinaduke. Kanangonama mwakachetechete. Tangoganizani firiji imene yatentha mpaka madigiri 9, pafupi pali wailesi yam'manja ya mlonda kapena nyumba youlutsira FM, ndipo kachipangizo kakuonetsa 7.6. Wosunga mankhwala ayang'ana foni, aona zonse zili bwino, apita kukagona. Pa mayeso onse amene tachita, awa ndi amene andionetsa kuti pepala la malamulo ndi ntchito imene tinapangira kachipangizoka ndi chinthu chimodzi.

Chifukwa chake n'chodziwika. Waya womwewo umene unkatulutsa phokoso umatolanso mafunde, ndipo akafika pa amplifier, tizigawo ta m'kati mwake timawasandutsa voteji yokhazikika, monga zimachitikira mu wailesi ya AM. Purosesa singasiyanitse voteji imeneyo ndi ya sensa. Fyuluta yanga ndinaiwerengera phokoso lotuluka basi. Tinawotcherera choke pamalo tinasiya aja, ndi ma capacitor awiri ang'onoang'ono pafupi penipeni ndi miyendo ya amplifier. Titabwereza, nambala sinasunthe kupitirira 0.1. Ndalemba 0.3 m'pulani ya mayeso ngati malire athu ovomerezeka, chifukwa muyezo umasiyira wopanga kunena kuti kugwira ntchito bwino kumatanthauza chiyani pa chipangizo chake, ndipo sindikufuna tilembe malire otakasuka ongofuna kukhoza.

Tsiku lachitatu linali la ESD, kamoto ka magetsi kodumpha kuchokera pa thupi la munthu, IEC 61000-4-2. Chida chake chimaoneka ngati mfuti, m'kati muli capacitor ya 150 pF ndi resistor ya ma ohm 330, kuyerekeza munthu amene wadzaza magetsi poyenda pa kapeti. Pa zitsulo amakhudza ndi 4 kV, pa pulasitiki ndi m'mipata amayandikitsa ndi 8 kV mpaka kamoto kadumphe, kakhumi pa malo aliwonse, positive ndi negative. Pa USB sitinavutike, ma diode oteteza a TVS anagwira ntchito yawo. Pa mpata wa batani, pa 8 kV, kachipangizo kanazima n'kudziyatsanso. Kudziyatsa kokha kukanatha kukambidwa. Koma titayang'ana zosungidwa, manambala a mphindi zingapo zomaliza kunalibe, chifukwa firmware imawasunga kaye mu RAM, imene imafufutika kachipangizo kakazima, kuti isatope flash. Kutaya zosungidwa sikuloledwa, ndipo ngakhale kukanaloledwa, mbiri ya firiji yokhala ndi dzenje ilibe phindu. Tiika capacitor ya 100 nF pa mwendo wa reset, titalikitsa njira ya batani kuchoka pa mpata wa kabokosi, ndipo firmware izilemba nambala iliyonse nthawi yomweyo.

Sabata 10

Mayeso a wailesi anayenda mwachangu, ndipo apa ndi pamene module yogula inatibwezera ndalama zake. Bluetooth Low Energy ili ndi matchanelo 40 otalikirana 2 MHz, kuyambira 2402 mpaka 2480, ndipo anayeza chapansi, chapakati pa 2440, ndi chapamwamba. Chimene ndinkaopa ndi chapamwambacho, poti ku United States kuyambira 2483.5 mpaka 2500 MHz ndi dera loletsedwa, malire ake 54 dBµV/m pa average ndi 74 pa peak. Harmonic yachiwiri nayo, 4804 mpaka 4960 MHz, imagwera m'dera lina loletsedwa. Zonse zili pansi, module ili m'kabokosi kathu, batire ili pamalo pake.

Ku Ulaya, EN 300 328 imalola mpaka 20 dBm, amene ndi 100 mW. Ife tili pa 4 dBm, pafupifupi 2.5 mW. Poti tili pansi pa 10 dBm, zofuna kuti wailesi izimvetsera isanalankhule sizikutikhudza, ndipo poti tili pansi pa 20 mW, EN 62479 ikutichotsera mayeso a SAR, a mafunde olowa m'thupi, aja amayeza mafoni pa 2 W/kg ku Ulaya ndi 1.6 W/kg ku United States. Ndapempha kuti 4 dBm imeneyi ikhomedwe mu firmware, pasakhale menyu yobisika yoikweza.

Sabata 11

Mapepala. Ntchito yosaoneka koma yodya nthawi.

Pa chitetezo tinakambirana ndi labu ngati titsate IEC 62368-1, ya zipangizo za mauthenga, kapena IEC 61010-1, ya zida zoyezera. Tatenga yachiwiriyo poti ntchito yaikulu ya kachipangizoka ndi kuyeza. Ena ankaganiza kuti chinthu cha ma volt 5 sichifunika zimenezi, koma RED inachotsa malire apansi a voteji, ndipo batire ya lithium ikhoza kuyaka kaya voteji yake ichepe bwanji.

Batireyo yatichedwetsa. Kuti itumizidwe pa ndege kapena pa sitima iyenera kukhala itadutsa mayeso asanu ndi atatu a UN 38.3, monga kuchepa kwa mpweya wa m'mwamba, kutentha ndi kuzizira, kugwedezeka, shoti, kuphwanyidwa ndi kutchajidwa mopitirira. Kuyambira 1 January 2020 wopanga ayenera kupereka chidule cha zotsatira zake kwa wochipempha. Amene amatigulitsa anatumiza pepala msanga, la chidindo chokongola. Nditayerekeza ndi zolembedwa pa batire yeniyeni, nambala ya model inasiyana chilembo chimodzi, ndipo kukula kwake mu mAh kunali kwina. Anayankha kuti ndi banja limodzi. Ndawauza kuti tikufuna pepala la batire imene ili m'manja mwathu, pamodzi ndi lipoti la IEC 62133-2, apo ayi tisaka kwina.

Pa RoHS, lamulo la ku Ulaya la 2011/65/EU loletsa zinthu zapoizoni m'zipangizo, zinthu zoletsedwa ndi khumi. Mtovu usapitirire 0.1% ndipo cadmium 0.01%, ndipo amawerengera pa kachigawo kalikonse pakokha, osati pa kulemera kwa chipangizo chonse. Zinayi mwa khumizo ndi ma phthalate, mankhwala ofewetsera pulasitiki, ndiye waya wathu wofewa wa sensa ndi umene ndikuufunira umboni kwambiri.

Zina ndi zazifupi. Chizindikiro cha CE, cha bini yodulidwa mtanda, ndi mawu a FCC zalowa pa lebulo. Buku la malangizo liyenera kutchula ma frequency ndi mphamvu yaikulu ya wailesi. Ku United States, wosayina SDoC, pepala lonena kuti tatsata Subpart B, ayenera kukhala wa m'dzikomo, ndiye tikukambirana ndi amene azitigulitsira kumeneko. Fayilo yonse isungidwe zaka 10. Dzina ndi chizindikiro cha Bluetooth zili ndi njira yakeyake ku Bluetooth SIG, bungwe la eni dzinalo, yosakhudzana ndi boma lililonse. Chachikulu chotsala ndi ndime 3.3 (d), (e) ndi (f) za RED, zokhudza chitetezo cha pa intaneti, zimene zinayamba kugwira ntchito pa 1 August 2025, ndi miyezo ya EN 18031. Manambala athu amafika pa intaneti kudzera pa foni, ndiye tikuzitenga ngati zikutikhudza. Choyamba kuchoka ndi PIN imodzi imene inali yofanana pa tizipangizo tonse.

Sabata 13

ESD tabwereza, takhoza, palibe nambala yatayika. Poti bolodi ndi firmware zasintha, ndinapempha kuti phokoso lotuluka aliyezenso, ndipo mpata wathu udakalipo. Kachipangizo kamene kayezedwa ndakamata tepi, ndalembapo nambala ya bolodi ndi ya firmware, ndakatsekera m'kabati pamodzi ndi waya wake ndi chaja yake. Aliyense wofuna kusintha kanthu aziyerekeza ndi kameneka.

Sipanapite masiku awiri, pempho loyamba lafika kale. Ogula ena ali ndi zipinda zozizira zikuluzikulu ndipo akufuna waya wa mamita 5. Woyang'anira malonda anandipeza patebulo langa n'kunena kuti, "Achimwene, ndi waya chabe, bolodi sitikuikhudza." Ndinawatsegulira chithunzi cha sabata 5 ndi cha sabata 9, ndinawaonetsa dzino la 192 ndi nambala ija ikutsetsereka kuchoka pa 5.0. Waya wautali utola ndi kutulutsa pa ma frequency ena, apansi. Komanso ukangopitirira mamita 3, pamabwera mayeso awiri amene waya wa mita 1.5 unatipulumutsako: IEC 61000-4-4, ya timagetsi tothamanga tobwera motsatizana, ndi IEC 61000-4-6, ya mafunde olowetsedwa mwachindunji pa waya kuyambira 150 kHz mpaka 80 MHz. Anamvetsa, ndipo anangofunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji.

Waya wa mamita 5 ndaitanitsa atatu. Lolemba ndiyamba ndi clamp patebulo, ndipo ndalembera labu kupempha tsiku limodzi ndi theka mwezi wamawa. Pepala la batire silinafikebe.